Digiri ya ku America nayo ili ndi sanad yake

Bismillahir Rahmanir Rahim.



Ku America kulibe MANEB. Kulibe mayeso amodzi amene ana onse omaliza sekondale amalemba tsiku limodzi, kulibe silabasi imodzi ya dziko lonse, ndipo kulibe ofesi ya boma imene imadinda chidindo pa digiri n'kunena kuti iyi ndi digiri ya dziko la America. Ndikamauza anthu zimenezi ambiri amayesa nthabwala, chifukwa tinazolowera kuganiza kuti dziko lolemera chonchija liyenera kukhala ndi dongosolo lokhwima kuposa lathu. Koma ndi mmene zinthu zilili, ndipo kholo losadziwa zimenezi likhoza kugulitsa ng'ombe kapena munda n'kugulira mwana pepala limene silingamulowetse pakhomo la ofesi iliyonse.

Ine ndine mphunzitsi wa madrasa. Ntchito yanga ndi ya alif, baa, taa, tajweed ndi fiqh ya ana. Koma mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno: ustazi amafunsidwa chilichonse, kuyambira za maliro mpaka za fomu ya kukoleji. Ana amene ndinkawaphunzitsa Juz Amma zaka khumi zapitazo lero analemba Fomu 4, ena ali ndi madipuloma, ndipo mafoni awo adzaza ndi zotsatsa za masukulu akunja. Mafunso awo ndi amene anandikakamiza kukhala pansi n'kuwerenga za nkhaniyi. Chimene ndinapeza n'chakuti funso lofunika kwambiri pa digiri ya ku America ndi lomwe lija timaphunzira m'madrasa tikamamva hadith: wanena zimenezi ndani, nanga iyeyo anazimva kwa yani?

Tiyambe ndi zathu kuti tikhale ndi poyerekezera. Mwana wa ku Chitipa ndi mwana wa ku Nsanje amalemba pepala limodzi la MSCE pa ola limodzi. Silabasi imakonzedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, ndipo mayeso amayendetsa ndi MANEB, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1987. Ngakhale kuti kuyambira mu 1998 boma lakhala likupereka mphamvu zina ku makhonsolo, zimene mwana ayenera kuphunzira ndi mayeso amene ayenera kukhoza zimachokerabe pamalo amodzi. Choncho munthu akati ali ndi mapointi 14, tonse timamva chinthu chimodzi, kaya anaphunzira pa CDSS ya kumudzi kaya pa sukulu yogonera pompo. Maiko ngati France nawonso amayendera njira yotereyi. Mayeso awo a baccalauréat anayamba mu 1808, nthawi ya Napoleon, ndipo mpaka lero ndi a dziko lonse.

America inayamba mwina. Malamulo aakulu a dzikolo, amene analembedwa mu 1787, satchula n'komwe za maphunziro. Mu 1791 anawonjezeramo ndime yakuti mphamvu iliyonse imene sinaperekedwe ku boma lalikulu ndi ya zigawo za dzikolo kapena ya anthu eni ake. Apo ndi pamene sukulu zinagwera m'manja mwa zigawo, zimene lero zilipo 50 ndipo eni ake amazitcha ma state. Ma state nawo anatsitsira mphamvu zambiri ku madera ang'onoang'ono otchedwa school district, omwe alipo opitirira 13,000. Dera lililonse lili ndi komiti yake, kawirikawiri yosankhidwa pa mavoti ndi anthu okhala m'deralo, ndipo komitiyo ndi imene imayang'anira zolemba aphunzitsi ntchito, zomanga makalasi ndi kalendala ya sukulu. Texas yokha ili ndi madera otere oposa 1,000, pamene Hawaii yonse ndi dera limodzi. Ngakhale msinkhu umene mwana amaloledwa kusiya sukulu ndi wosiyana: kwina zaka 16, kwina 17, kwina 18.

Unduna wa maphunziro ku Washington ulipo, koma ndi wa dzulodzuloli. Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo loukhazikitsa mu 1979, unayamba ntchito mu 1980, ndipo lamulo lomwelo limauletsa kulamula zimene sukulu ziyenera kuphunzitsa. Ntchito zake zikuluzikulu ndi kugawa ndalama zothandizira ana osauka ndi ana a ulumali, kuyendetsa thandizo la fizi kwa ophunzira a m'makoleji, ndi kuona kuti m'masukulu mulibe tsankho. Pa ndalama zonse zoyendetsera pulaimale ndi sekondale, boma lalikulu limaponyapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. N'chifukwa chake mu Malichi 2025, Pulezidenti Donald Trump atasaina chikalata cholamula kuti ayambe kuphwasula undunawu, ana anapitabe kusukulu m'mawa mwake monga mwa masiku onse. Tangoganizani kuno kwathu mutamva kuti unduna wa maphunziro ukutsekedwa.

Dongosolo limeneli lili ndi ubwino wake. Kholo limadziwa khomo loti likagogode likakhala ndi dandaulo, ndipo dera limodzi likhoza kuyesa njira yatsopano yophunzitsira popanda kudikira chilolezo cha ku likulu. Linasiyanso mpata wa sukulu zoima pazokha. Mu 1925 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti state ya Oregon singakakamize ana onse kupita ku sukulu za boma, ndipo pa chigamulo chimenechi ndi pamene paima sukulu za zipembedzo, kuphatikizapo sukulu za Chisilamu zophunzitsa tsiku lonse zimene zili m'mizinda yambiri ya kumeneko.

Koma walira mvula walira matope. Gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo a m'dera lomwelo. Dera la nyumba zodula limatolera zambiri, dera la anthu osauka limatolera zochepa, ndipo ana awo amaphunzira molingana ndi zimenezo. Makolo ena osauka a ku San Antonio, ku Texas, anakasuma za nkhaniyi, koma mu 1973 khoti lalikulu linagamula, majaji 5 kwa 4, kuti maphunziro sali pakati pa maufulu amene malamulo aakulu a dzikolo amateteza. Kusiyana kumeneku kulipo ngakhale pakati pa ma state. Mu 2021 New York inkagwiritsa ntchito madola opitirira 26,000 pa mwana mmodzi pachaka, pamene Idaho ndi Utah sizinkafika n'komwe madola 10,000.

Zotsatira zake zimaoneka akamayerekeza America ndi maiko ena. Bungwe la OECD limalembetsa ana a zaka 15 m'maiko ambiri mayeso otchedwa PISA. Mu 2012, pa masamu, America yonse inapeza malikisi 481, kuchepera pa 494 amene anali mlingo wapakati wa maiko a OECD. Koma chaka chomwecho ma state atatu anawerengedwanso paokha. Massachusetts inapeza 514, kufanana ndi Germany, pamene Florida inapeza 467. Ndiye munthu akakufunsani ngati maphunziro a ku America ndi abwino, mufunseni kaye kuti akunena America iti. Anayesapo kugwirizanitsa zinthu mu 2010 ndi miyezo ya masamu ndi Chingerezi yotchedwa Common Core. Ma state oposa 40 anavomera, koma Texas, Virginia, Alaska ndi Nebraska anakana, ena anadzatulukamo pambuyo pake, ndipo panalibe wowakakamiza.

Satifiketi yomalizira sekondale, imene amaitcha high school diploma, amapereka ndi sukulu kapena dera lake motsatira malamulo a state. Popeza masatifiketiwa salemera chimodzimodzi, mayunivesite anafuna sikelo ina yoyezera ana. Apo panabadwa mayeso a SAT mu 1926 ndi a ACT mu 1959, komanso maphunziro apamwamba otchedwa AP amene mwana amatha kutenga akadali ku sekondale. Onsewa amayendetsa ndi mabungwe omwe si aboma. Ngakhale mwana wa ku America weniweni akafuna malo pa yunivesite ya ku England, high school diploma yokha kawirikawiri sikwanira, amamufunsanso zotsatira za AP.

Tikafika ku makoleji ndi pamene makolo muyenera kutchera khutu. Sukulu zopereka madigiri ku America zilipo pafupifupi 4,000. Zina ndi za ma state, zina n'za mipingo, zina n'zoima pazokha monga Harvard, imene inayamba mu 1636 dziko la America lenilenilo lisanabadwe, ndipo zina ndi mabizinesi ofuna phindu basi. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Choyamba ndi chilolezo cha state choti sukulu itsegule zitseko. Chimenechi m'ma state ena n'chovuta kupeza, m'ma state ena n'chosavuta, ndipo alipo ma state ambiri ndithu amene safunsa zambiri kwa sukulu yodzitcha yachipembedzo. Chachiwiri ndi chimene amachitcha accreditation, kutanthauza umboni wochokera ku bungwe loyendera sukulu wakuti maphunziro a pamenepo ndi enieni.

Mabungwe ochitira umboniwa si aboma. Anayambitsa ndi masukulu eni ake kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, atatopa ndi kusadziwa kuti akhulupirire satifiketi ya yani. Aphunzitsi ndi akuluakulu a masukulu ena amapita pa sukuluyo, amaona aphunzitsi ake ndi mapepala awo, laibulale, kayendetsedwe ka chuma ndi mmene ophunzira amayesedwera, kenako amabweranso pakapita zaka zingapo. Odziwika kwambiri ndi monga Middle States, Higher Learning Commission, Southern Association ndi WASC. Nanga oyenderawo amawayendera ndani? Kuyambira mu 1952 boma lalikulu limasunga mndandanda wa mabungwe amene limawakhulupirira, poopa kuti ndalama zake za fizi zingamapite ku sukulu zachinyengo. Palinso bungwe lina loima palokha, CHEA, la mu 1996, limene limasunga mndandanda wake. Choncho unyolo wake uli motere: digiri imachitiridwa umboni ndi sukulu, sukulu imachitiridwa umboni ndi bungwe loyendera, ndipo bungwelo limachitiridwa umboni ndi unduna kapena CHEA.

Nditamvetsa zimenezi ndinaona kuti si zachilendo kwa ife. Kwa zaka mazanamazana maphunziro a Chisilamu anayenda popanda unduna. Munthu ankakhala pamaso pa shehe, n'kuwerenga buku mpaka kumapeto, ndipo sheheyo akakhutira ankamulembera ijaza, chilolezo chophunzitsa bukulo, momwe munkalembedwa maina a aphunzitsi motsatana kubwerera m'mbuyo. Unyolo wa mainawo ndiwo sanad. Mpaka lero hafiz amene ali ndi ijaza ya kawerengedwe ka Hafs amatchula amene anamuphunzitsa, ndi amene anaphunzitsa ameneyo, mpaka kukafika kwa Mtumiki wathu Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Ku Morocco amawerenga mwa Warsh, ife kuno timawerenga mwa Hafs, ndipo palibe amene amati mnzake akulakwitsa, chifukwa onse awiri unyolo wawo ndi wodziwika. Ngakhale al-Azhar ya ku Cairo inayendera ijaza kwa nthawi yaitali, mayeso okhazikika a digiri anayamba mu 1872.

Ma ulama athu ankadziwanso kuti pamene palibe ofesi imodzi yodinda zidindo, abodza amalowerapo. Ena ankapeka hadith, n'kupekanso sanad yake yomveka bwino. N'chifukwa chake panabadwa phunziro lonse lofufuza anthu a mu unyolo: uyu anali woona mtima kodi, ankasunga bwino zimene wamva, nanga anakumanadi ndi amene akuti anamuphunzitsayo? Hadith ikhoza kukoma m'makutu, koma munthu mmodzi wosadziwika mu sanad amaifooketsa. Si kuti ijaza ndi accreditation n'chinthu chimodzi ayi. Ijaza imachitira umboni munthu mmodzi pa buku limodzi, pamene accreditation imachitira umboni sukulu yonse. Koma nzeru yake ndi yomweyo, ndipo mwana wa madrasa sayenera kupusitsidwa ndi chidindo chagolide asanafunse mwini chidindocho.

Asilamu a ku America nawo anadutsa njira yomweyi. Zaytuna College ya ku Berkeley, ku California, inakhazikitsidwa mu 2009 ndi Hamza Yusuf, Zaid Shakir ndi Hatem Bazian. Awiri oyambawo ndi mashehe odziwika amene anaphunzira pamaso pa ma ulama a m'maiko a Chiarabu, komabe kuti digiri ya sukulu yawo ilandiridwe ndi mayunivesite ena, anayenera kutsegula mabuku awo kwa oyendera a WASC. Umboniwo anaulandira mu 2015, n'kukhala koleji yoyamba ya Chisilamu ya mtundu wake kuvomerezedwa m'dzikolo.

Ramadan yathayi, titatha Taraweh, bambo wina wa mumzikiti mwathu anandikokera pambali foni ili m'manja. "Ustazi, tandiwerengereni ichi. Mwana wanu uja akuti wapeza yunivesite ku America." Mnyamatayo ndinamuphunzitsa ali wamng'ono, pano ali ndi dipuloma ya za bizinesi ndipo amagwira ntchito m'sitolo ina m'tauni. Chotsatsacho chinkalonjeza digiri m'miyezi isanu ndi itatu, popanda mayeso, ati zaka zimene wagwira ntchito aziwerengera ngati maphunziro. Tsamba lake la pa intaneti linali lokongola zedi, nyumba za nsanamira zazitali, kapinga wobiriwira, ndi dzina la bungwe limene akuti linawavomereza. Bamboyo anali atakambirana kale ndi wogula ng'ombe zake ziwiri.

Ndinati, "Bambo, ng'ombe zija zisiyeni kaye m'khola, tifufuze sanad." Tinakhala pakhonde la mzikiti n'kutsegula mindandanda iwiri ija, wa unduna ndi wa CHEA, yomwe aliyense akhoza kuiona pa intaneti mwaulere. Dzina la sukuluyo munalibe. Dzina la bungwe loivomerezalo munalibenso. Bamboyo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa, "Ndiye boma la America limangoonerera anthu akubera anzawo chonchi?" Ndinawafotokozera kuti ma state ena amalimbana nazo kwambiri sukulu zoterezi, koma zikathamangitsidwa kwina zimakatsegula kwina, ndipo zina sizili n'komwe ku America, zimangobwereka dzina ndi adiresi. Ochenjera amakhazikitsanso bungwe lawolawo loti liziwachitira umboni, ngati munthu wopeka hadith amene wapekanso shehe wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamatayo pano akuphunzira Loweruka ndi Lamlungu pa koleji ina yovomerezeka ya konkuno, alhamdulillah.

Tsono tinene kuti sukulu ndi yeniyeni. Digiri yake imalemera bwanji poyerekeza ndi za maiko ena? Ku America mwana amaphunzira zaka 12 asanapite kukoleji, monga ife ndi zaka 8 za pulaimale ndi 4 za sekondale. Akhoza kupita ku community college, koleji ya m'dera yotsika mtengo, n'kutenga associate degree ya zaka ziwiri. Dzinalo lisakupusitseni. Ngakhale muli mawu akuti degree, m'maiko ambiri imawerengedwa pafupi ndi dipuloma, ndipo phindu lake lalikulu n'lakuti ukhoza kusamukira nayo ku yunivesite n'kukamaliza zaka ziwiri zotsalazo. Digiri yoyamba yeniyeni, bachelor's, imatenga zaka zinayi, ma credit pafupifupi 120, ndipo chigawo chachikulu cha zaka zoyambirira chimapita ku maphunziro osiyanasiyana. Wofuna za makompyuta amaphunziranso mbiri, kalembedwe ndi sayansi asanazame pa phunziro lake.

Ku England n'zosiyana. Mwana amakhala kusukulu zaka 13, ndipo zaka ziwiri zomaliza amazama pa maphunziro atatu okha a A-level. Ndiye digiri yawo yoyamba imatenga zaka zitatu, ndipo kuyambira tsiku loyamba umaphunzira chimene unasankha. Ukawerengetsa, onse awiri amafika pa zaka 16. Apa ndi pamene tingamvetse chifukwa chimene madigiri athu amatengera zaka zinayi, komanso chifukwa chimene mwana wa MSCE akafuna kupita ku England amauzidwa kuti ayambe wachita chaka chokonzekera. MSCE amaiyerekeza ndi GCSE, osati A-level. Master's ku England nthawi zambiri ndi chaka chimodzi, ku America ndi ziwiri. PhD ku England ndi zaka zitatu kapena zinayi za kafukufuku, ku America imafika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi chifukwa amayamba ndi makalasi ndi mayeso.

Amene mukulota udokotala kapena uloya, mvetserani apa. Ku America maphunziro amenewa salowa munthu wongochoka ku sekondale. Uyenera kukhala kaye ndi bachelor's, kenako zaka zinayi za udokotala kapena zitatu za malamulo. Ndipo digiri siikupatsa chilolezo chogwira ntchito. Chilolezo cha loya, cha mphunzitsi, cha namwino ndi cha dokotala chimaperekedwa ndi state iliyonse payokha, moti loya wa ku New York sangangofika ku California n'kutsegula ofesi. Za ndalama nazo si zamasewera. Fizi yolembedwa ya mayunivesite ambiri oima paokha imapitirira madola 40,000 pachaka, osawerengera pogona ndi chakudya, ndipo wophunzira wochokera kunja salandira nawo thandizo la boma lalikulu. Popanda sikolashipu yolembedwa bwinobwino, banja likhoza kugwera m'ngongole za chiwongoladzanja zimene tonse tikudziwa kulemera kwake.

America si dziko lokhalo limene linagawa mphamvu za maphunziro. Germany ili ndi zigawo 16, chilichonse ndi unduna wake, koma kuyambira mu 1948 nduna zawo zimakumana n'kugwirizana, moti satifiketi ya Abitur ya chigawo chimodzi imalandiridwa m'dziko lonselo. Canada ilibe n'komwe unduna wa maphunziro wa dziko lonse. Ku Ulaya maiko 29 anasaina mgwirizano ku Bologna mu 1999 woti madigiri awo aziyenda m'magawo ofanana, ndi muyezo umodzi wa ma credit 60 pachaka, kuti digiri ya ku Poland izimveka ku Portugal. UNESCO nayo ili ndi mapangano ovomerezerana mapepala: la ku Lisbon la 1997, la maiko a mu Africa la ku Addis Ababa la 2014, ndi la dziko lonse la 2019 limene linayamba kugwira ntchito mu 2023. America inasaina nawo la ku Lisbon koma sinalikhazikitse ngati lamulo, ndipo n'zomveka, chifukwa boma limene silingalamule yunivesite ya ku Ohio silingalonjeze maiko ena m'malo mwake.

Zimenezi zikutanthauza kuti munthu wopita ku America ndi pepala la kwathu kuno sadzapeza ofesi ya boma yoti imuuze kulemera kwake. Yunivesite iliyonse ndi bwana aliyense amagamula yekha, nthawi zambiri modalira mabungwe olipidwa oyerekeza mapepala, monga WES. Yunivesite ina ikhoza kulandira digiri ya zaka zitatu ya ku India kapena ku South Africa pa maphunziro a master's, ina ya mumzinda womwewo n'kuikana. Amene wakanidwa pamalo amodzi asataye mtima, agogode khomo lina. Koma wobwera ndi pepala la ku America kuno kwathu amakumana ndi khomo lodziwika. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, limayang'ana mapepala a maphunziro apamwamba ochokera kunja. Abale amene muli ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, kumeneko ntchitoyi ndi ya SAQA, ndipo ku Britain ndi ya UK ENIC. Mabungwe oterewa amayamba ndi funso lakuti: kwawoko, sukuluyi waichitira umboni ndani?

Ndiye makolo ndi ophunzira, musanalipire ndalama iliyonse funsani mafunso anayi. Loyamba, bungwe lovomereza sukuluyi ndi liti, nanga dzina lake lili pa mndandanda wa unduna wa ku America kapena wa CHEA? Mufufuze nokha pa mindandandayo, musadalire zimene sukuluyo yalemba pa tsamba lake. Ngakhale adiresi ya pa intaneti yothera ndi .edu si umboni wokwanira, chifukwa lamulo loiteteza linabwera mu 2001 ndipo amene anaitenga kale anawasiya nayo. Lachiwiri, phunziro lenilenilo lili ndi umboni wake? Za uinjiniya, mwachitsanzo, zimayenderedwa padera ndi bungwe la ABET. Lachitatu, kumene mukufuna kukagwira ntchito adzalilandira pepalali? Lemberani NCHE kapena SAQA, komanso khonsolo ya ntchitoyo monga ya madokotala kapena ya anamwino, musanayambe, osati mutamaliza. Lachinayi, kodi akufuna kuti muphunziredi? Kuphunzira pa intaneti kulibe vuto, mayunivesite abwino ambiri amaphunzitsa choncho. Vuto ndi digiri yopanda thukuta, ndi udokotala waulemu wogulitsidwa ngati mandasi. Pepala lotere likapezetsa munthu ntchito, malipiro ake ayima pa bodza, ndipo zimenezo Msilamu sazifuna pa mbale ya ana ake. Safunsa anadya phula.

Pomaliza ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga, chifukwa nkhani ya ku America ikutikhudza pamalo amene sitiyembekezera. Madrasa athu nawo alibe MANEB. Mzikiti uliwonse ndi bungwe lililonse lili ndi mabuku ake ndi kaphunzitsidwe kake. Mwana akasamuka ku Mangochi kupita ku Limbe, kapena kutsatira makolo ku Joni, amafika chimanjamanja, ndipo ustazi watsopano amamubweza ku alif chifukwa palibe chosonyeza pamene anafika. Ndalandirapo ana otere, ena atafika kale pa Juz yachitatu koma ali ndi manyazi kunena. Chimene chimagwirizanitsa sukulu zambirimbiri za ku America, ndi mavuto ake onse aja, ndi zinthu ziwiri zosavuta: chikalata cholondola cha zimene wophunzira wadutsamo, ndi chizolowezi choti masukulu aziyenderana n'kuchitirana umboni. Zonse ziwirizi makolo athu m'maphunziro anali nazo kale. Ine ndayamba kulembera mwana aliyense wochoka m'madrasa mwanga pepala limodzi: masura amene waloweza, mabuku amene wamaliza, dzina langa ndi la shehe amene anandiphunzitsa. Ndikupempha maustazi a m'dera limodzi kuti Eid ikadutsa tikhale pansi, tigwirizane za pepala lotere, ndipo tizilolana kuyenderana m'makalasi.

Allah awonjezere ana athu maphunziro aphindu, awatsegulire makomo a riziki la halal, ateteze thukuta la makolo kwa anthu achinyengo, ndipo alandire kusala kwathu ndi mapemphero athu. Ameen. Allah ndiye Wodziwa koposa.